Ulendo wautali pa njinga yamoto: ndalama iyambire kumutu

Pali matenda awiri amene agwira achinyamata olota zozungulira Malawi pa njinga yamoto, ndipo ndikufuna kulimbana nawo onse awiri. Oyamba agwira anzathu amene amagonera pa YouTube ndi Instagram kusirira alendo okwera zinjinga za BMW zokhala ndi mabokosi atatu onyezimira, mpaka afika pokhulupirira kuti wopanda zimenezo asayerekeze kutuluka mu Zomba. Achiwiri agwira anzathu amene amati ulendo ndi mtima basi, n'kukwera njinga atavala patapata, kabudula ndi kapu, chikwama cha makilogalamu 20 chili kumsana, ati Mulungu alipo. Magulu awiriwa amasekana, koma onse sanakhalepo pansi kudzifunsa kuti chinthu chilichonse chimene akunyamula chikukagwira ntchito yanji. Mfundo yanga ndi iyi: ndalama yoyamba ipite pa zoteteza thupi, yachiwiri ipite pa zokonzera njinga, ndipo china chilichonse chichepe mmene chingachepere.

Ndiyambe ndi a mabokosi. Ambiri chithunzi cha ulendo wa njinga anachitenga m'mafilimu a Ewan McGregor ndi Charley Boorman. Mu 2007 awiriwa ananyamuka ku John o' Groats ku Scotland mpaka ku Cape Town, ndipo anadutsa konkuno pochokera ku Tanzania kupita ku Zambia. Filimu yake, Long Way Down, ndi yokoma kuonera, sindikukana. Koma kumbuyo kwa njinga zawo kunkabwera magalimoto onyamula zida, ojambula ndiponso wachipatala. Inu mukadzanyamuka pa Chirunga, pa Bunda kapena pa Luwinga, kumbuyo kwanu kudzakhala fumbi lokha.

Ndipo anthu amaiwala zimene zinachitika pa ulendo wawo woyamba, wa mu 2004, wochoka ku London kupita ku New York kudzera ku Kazakhstan, Mongolia ndi Siberia. Zinjinga zodzaza katundu zija zinkagwa m'matope kosalekeza, ndipo zitsulo zakumbuyo zinkathyoka mpaka kumafunafuna wowotcherera panjira. Njinga ya wojambula wawo, Claudio von Planta, itawonongeka ku Mongolia, anamugulira kanjinga kofiira kotchipa kopangidwa ku Russia. Kanjinga kameneko n'kamene kankadutsa mosavuta pamene zodulazo zinkatitimira. Phunziro lili poyera mufilimu momwemo, koma ife tinangoona mabokosi.

Tiyeni tiwerengere. BMW R1250GS Adventure imalemera makilogalamu 268 ikathiridwa mafuta, musanaikepo ngakhale mswachi. Boxer ya 150, yomwe akabaza amakwera tsiku ndi tsiku, sifika ngakhale theka la pamenepo. Boxer ikagwa mumchenga wa ku Chembe mudzaidzutsa nokha n'kupitiriza. Inayo mudzakhala pansi kudikira anyamata a m'mudzi kuti akuthandizeni. Boxer, Lifo kapena King Lion ikakuferani pa Jenda, pa Nkhamenya kapena pa Dwangwa, pali makaniki pansi pa mtengo amene amaidziwa ngati chikhatho chake, ndipo sipeya ili m'kagolosale kapafupi. Njinga yoyendera kompyuta ikazima pamalo omwewo, sipeya yake mwina ichokere ku Johannesburg.

Amene akukayikabe afufuze za Nathan Millward, yemwe mu 2009 anachoka ku Sydney mpaka ku London pa Honda CT110, kanjinga kamene ogawa makalata ku Australia ankakwera. Afufuzenso za Lois Pryce, mayi amene anachoka ku London mpaka ku Cape Town pa Yamaha ya 250, kudutsa Sahara, Congo ndi Angola. Kuchoka ku Blantyre kupita ku Karonga ndi makilomita osafika 1,000. Ngati kanjinga ka makalata kanadutsa mayiko onse aja, njinga ya 150 ili pakhomo panuyo singalephere M1.

Vuto la mabokosi aakulu n'lakuti bokosi likakhala ndi malo, mwini wake amafuna kulidzaza. Mapoto awiri, nsapato zitatu, laputopu, sipika ya nyimbo, mpando wopinda, suti yoti mwina kukapezeka ukwati. Akuluakulu anati ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Pa njinga mwambiwu umachitika ndendende. Katundu akakhala pamwamba komanso kumbuyo kwa tayala lakumbuyo, tayala lakutsogolo limapepuka. Koma ndilo tayala limene limawongolera, ndiponso ndi limene limagwira ntchito yaikulu poima. Likapepuka, chiwongolero chimayamba kugwedera, makamaka pa liwiro kapena thiraki ikakudutsani ndi mphepo yake. Katundu wolemera amatalikitsanso mtunda woimira ndipo amatenthetsa mabuleki potsika mapiri. Aliyense amene watsikapo Chiweta, kapena Thabwa popita ku Chikwawa, kapena makhotolo a Khwekhwelere popita ku Golomoti, akudziwa kuti pamalo amenewo buleki ikafooka palibe pothawira.

Anzathu okonda Che Guevara akumbukirenso kuti mu 1952 iye ndi Alberto Granado anakwera awiri pa Norton yakale ya 500 atadzazapo katundu, n'kumagwa nayo m'misewu ya Argentina, mpaka inawafera ku Chile. Mbali yaikulu ya ulendo wotchukawo anaimaliza popempha malifiti, pa sitima zapamadzi ndi pa phaka.

Malamulo olongedzera ndi ochepa, ndipo safuna ndalama. Zolemera, monga zitsulo ndi madzi, zikhale pansi ndiponso pafupi ndi pakati pa njinga. Mbali ziwiri zilingane kulemera. Zopepuka, monga zovala ndi chofunda, ndizo zikhale pamwamba, pampando wakumbuyo. Kumsana kusakhale kanthu kolemera, chifukwa chikwama chakumsana chimatopetsa mapewa pakangotha ola limodzi, ndipo pogwa mudzagwera pa chilichonse chimene chili m'katimo. Ine ndimakwera njinga ya 150, ndipo malire amene ndinadziikira ndi makilogalamu 15 a katundu yense pa ulendo wa sabata. Sikelo ya pa chigayo kapena ya wogula soya imakwanira kuyezera. Chikwama chosalowa madzi mukhoza kupanga nokha: zovala m'pulasitiki yokhuthala, pulasitikiyo m'chikwama wamba. Malegeni a chubu chakale amamanga bwino, bola muwaone ngati sanayambe kung'aluka, ndipo pasatsale nsonga yolendewera. Chingwe, chitenje kapena lamba wa chikwama akalowa m'tcheni kapena m'masipoko, tayala limaima nthawi yomweyo inu mukupitabe.

Tsopano nditembenukire kwa a patapata, chifukwa a mabokosi amataya ndalama koma awa amataya moyo. Madokotala a mafupa ku Queens ndi ku Kamuzu Central akhala akudandaula kwa zaka tsopano za kuchuluka kwa anthu ovulala pa njinga zamoto. Ambiri a ovulalawo ndi amsinkhu wathu. Mu 2008 bungwe la Cochrane linasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana wa ngozi za njinga zamoto, ndipo linapeza kuti helemeti imachepetsa chiopsezo cha imfa ndi 42 peresenti, ndi cha kuvulala mutu ndi 69 peresenti. Palibe chinthu china m'katundu wanu yense chimene chingakupatseni manambala otere. N'chifukwa chake ndikuti ndalama iyambire kumutu.

Koma helemeti ikhale helemeti. Chipewa cha amisiri omanga nyumba chinapangidwira njerwa yogwa kuchokera kumwamba, ndipo pa njinga ntchito yake n'kupusitsa wapolisi pa rodibuloko basi. Helemeti yopachika pa chigongono imateteza chigongono. Yovala osamanga lamba imauluka mutu usanafike pansi. Chimene chimapulumutsa ubongo si pulasitiki yonyezimira yakunja ija. Ndi chinthu choyera cham'kati, chonga chija amatchingira nacho wailesi kapena filiji m'katoni. Mutu ukagunda, chinthucho chimaphwanyika pang'onopang'ono n'kumeza mphamvu imene ikanafika ku ubongo. Chikaphwanyika kamodzi sichibwereranso, ngakhale kunja kuoneke kwabwinobwino. Ndiye helemeti ya pa kaunjika, imene simudziwa kuti inagwapo kangati, ndi juga. Pogula yang'anani palamba pake: yovomerezeka ku Ulaya imakhala ndi kansalu kosokeredwa kokhala ndi chilembo E m'kati mwa kamzere kozungulira, kusonyeza kuti inayesedwa pa muyezo wa ECE 22.05 kapena 22.06. Ya ku America imalembedwa DOT kumbuyo, koma sitika aliyense akhoza kumata, choncho igwireni ndi manja. Ikapepuka ngati mbale ya pulasitiki, m'kati mulibe choyera chokhuthala chija, isiyeni. Sankhani yotseka ndi chibwano chomwe, pakuti nkhope ndi chibwano zimagunda pansi kawirikawiri. Ndipo ngati mwatenga mnzanu kumbuyo, mutu wake ndi wofanana ndi wanu.

Ndinenenso chimene ogulitsa sakonda kunena. Pa muyezo wa ECE 22.05 helemeti amaiyesa poigwetsa pa liwiro la mamita 7.5 pa sekondi, amene ndi makilomita 27 pa ola. Imakutetezani pamene mutu ukumenya pansi, koma siinapangidwe kuti ilimbane ndi thiraki ya mafuta. Kuwomba chinthu choima muli pa makilomita 60 pa ola n'chimodzimodzi kugwa kuchokera pamwamba pa mamita 14, ngati nyumba ya nsanjika zinayi. Aliyense amene anaphunzira fizikisi ya Fomu 4 akhoza kuwerengera yekha. Choncho wovala zodula asadzione ngati chitsulo. Dzanja lamanja likadali ndi mawu omaliza.

Pambuyo pa mutu pakubwera manja. Munthu akamagwa amatsogoza zikhatho, safunsa. Phula pa liwiro limapala khungu ngati tupa, ndipo ndi manja omwewo amene mukalembere mayeso kapena kutayipira lipoti. Magolovesi achikopa, ngakhale a amisiri owotcherera, ndi abwino kuposa kupanda. Nsapato zikhale zolimba, zobisa akakolo, chifukwa njinga ikagwa imagwera pamwendo, ndipo ekizozi yotentha imakhala pomwepo. Jekete ikhale yachikopa kapena yansalu yokhuthala, thalauza likhale lalitali ndi lolimba. Apa ndiye kaunjika ndi bwenzi lenileni. Pa Tsoka ku Lilongwe, pa msika wa Limbe kapena wa Mzuzu, munthu wodekha amapeza jekete ndi jombo zabwino pa mtengo woti wophunzira akhoza kukwanitsa. Diso likuuzani ngati jekete yang'ambika, pamene pa helemeti diso silingaone kanthu. Pamwamba pake valani chovala chowala chija cha akabaza. Sichioneka bwino pa Instagram, koma dalaivala wa minibasi amachiona patali.

Wina anena kuti kuno n'kotentha, zovala zonsezi n'za azungu. Ameneyo sanayende. Mu Okutobala ku Chikwawa ndi ku Nsanje kutentha kumapitirira madigiri 40, zoona. Koma mu Juni ndi Julayi pa Dedza pamazizira, m'Chikangawa mumagwa chifunga choti kutsogolo osaona, ndipo pa Nyika, pamene ndi pamwamba mamita oposa 2,000, udzu umachita chisanu choyera m'mamawa. Kunja kukakhala madigiri 10 inu n'kumathamanga makilomita 80 pa ola, thupi limamva ngati madigiri 4 kapena 5. Zala zozizira zimachedwa kugwira buleki, ndipo mutu wozizira umachedwa kuganiza. Mankhwala ake si chijasi chimodzi chachikulu. Valani zingapo zopyapyala zoti muzivula ndi kuvala: malaya, juzi, jekete, ndipo chovala cha mvula chikhale pamwamba penipeni pa katundu, poti mukhoza kuchitenga osamasula zonse. Chovala cha mvulacho chimatchinganso mphepo. Kumalo otentha nyowetsani malaya am'kati, musavule jekete, ndipo imwani madzi musanamve ludzu. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndipo malita awiri ndi kulemera kumene sindingakangane nako. Onjezani mapaketi a Thanzi, bandeji, mankhwala otsukira bala ndi neti ya udzudzu ngati mukugona m'mbali mwa nyanja.

Gawo lachiwiri la ndalama ndi la njinga, ndipo apa magulu onse awiri amagwa mofanana. Wa mabokosi ali ndi makamera atatu koma sadziwa kutulutsa tayala. Wa patapata alibe ngakhale sipanala imodzi. Chimene chimaimitsa maulendo ambiri si injini kuphulika. Ndi msomali, tcheni ndi kebulo. Nyamulani chubu chapadera, zigamba ndi guluu, zitsulo ziwiri zotulutsira tayala ndi pampu ya manja. Nyamulani pulagi ndi sipanala yake, kebulo ya kilatchi, kachitsulo kolumikizira tcheni, mafyuzi, babu ya kutsogolo, waya wofewa pang'ono ndi tepi. Masipanala musatenge bokosi lonse. Yesani mabawuti a njinga yanu limodzilimodzi, mudzapeza kuti ambiri ndi a 8, 10, 12 ndi 14, kuphatikiza aakulu a mawilo. Zonsezi zimakwana m'kathumba kamodzi. Koma chitsulo chimene simudziwa kugwiritsa ntchito ndi katundu chabe. Musananyamuke pitani kwa makaniki wa m'dera lanu, mumulipire kangachepe, akuonetseni kutulutsa tayala lakumbuyo, kumata chubu ndi kukunga tcheni, kenako muchite nokha iye akuyang'ana. Safunsa anadya phula. Panjira yang'anani oyilo ndi mpweya wa matayala m'mawa uliwonse, thirani oyilo pa tcheni, ndipo gwirani mabawuti chifukwa mabampu a misewu yathu amawamasula.

Nkhani ya mafuta tonse tikuidziwa. Tinaima pa mizere mu 2022, mu 2023 ndi mu 2024, ndipo woyenda ulendo wautali asaganize kuti pampu iliyonse imene ili pa mapu ili ndi petulo. Thanki ya Boxer imalowa malita 11. Yezani nokha kuti njinga yanu, itanyamula katundu, imayenda makilomita angati pa lita, chifukwa nambala ya m'buku ndi ya njinga yopanda kanthu pamsewu wosalala. Thirani thanki ikafika theka, osadikira rizevu. Musalowe m'Chikangawa kapena kukwera ku Nyika kuchokera ku Rumphi ndi thanki yokayikitsa. Mafuta apadera akhale malita awiri kapena atatu m'chigubu chopangidwira mafuta, chomangidwa kutali ndi ekizozi. Botolo la madzi akumwa si chigubu cha petulo, ndipo petulo sanyamulira kumsana. A m'mabotolo a m'mbali mwa msewu akhale a pangozi pokha, pakuti ena amasakaniza.

Mapepala salemera koma amaimitsa ulendo kuposa msomali. Laisensi ya njinga yamoto, inshuwalansi ndi mapepala a umwini zikhale m'pulasitiki, m'thumba la jekete, ndipo zithunzi zake zikhale mufoni. Wodutsa pa Mchinji kupita ku Zambia kapena pa Songwe kupita ku Tanzania afunse za Yellow Card ya COMESA asananyamuke. Ndalama zina zikhale pamanja, zogawa m'malo awiri, chifukwa Airtel Money ndi Mpamba zimadalira netiweki, ndipo netiweki imathawa pamalo pomwe mwavutikira.

Ndikudziwa zimene ena ayankhe. Ati helemeti yabwino ndi yodula, wophunzira wodalira loni angaipeze kuti? N'zoona, ndi yodula. Koma amene akunena zimenezi ali ndi foni ya mtengo woposa helemeti ziwiri, ndipo bajeti ya ulendo wake ili ndi mowa wa ku Cape Maclear. Ngati ndalama sizikukwanira helemeti, ndiye kuti sizikukwanira ulendo. Dikirani teremu ina. Nyanja sithawa. Ena ati akabaza amanyamula matumba atatu a chimanga ndi mayi pamwamba, koma amafika. Ambiri amafika, ena ali m'mawodi aja. Ndiponso wakabaza akuyenda makilomita 10 pamsewu umene amaudziwa dzenje lililonse, ndipo akutero chifukwa cha umphawi, pofuna ya ndiwo. Inu mukuyenda makilomita 300 patsiku pamsewu wachilendo mwa kufuna kwanu. Kutengera ngozi ya munthu wosauka n'kuisandutsa fasho ndi chipongwe kwa iyeyo. Enanso ati njinga yaikulu ndi yofewa kukwera, ndipo mabokosi okhoma amateteza kwa akuba. Pamenepo sinditsutsa. Amene ali nazo ndalama agule, ayende bwino. Chimene ndikukana ndi bodza loti zimenezo ndizo khomo lolowera, bodza limene lasiya achinyamata ambiri akudziwa misewu ya ku Patagonia pa foni koma sanaonepo Livingstonia.

Pali chinthu chimodzi chimene palibe sitolo imagulitsa: kufika dzuwa lisanalowe. Usiku pa M1 ndi pa M5 pali ngolo zopanda nyali, njinga zakapalasa zopanda chowala, mbuzi, anthu oledzera, maenje ndi mathiraki owonongeka amene chizindikiro chake ndi nthambi za mitengo. Nyali ya njinga ya 150 siona patali mokwanira. Kulongedza pang'ono kumathandizanso apa, chifukwa wa katundu wochepa amamanga m'mphindi khumi n'kunyamuka 6 koloko, pamene wa katundu wambiri 9 koloko akadali kulimbana ndi zingwe, ndipo mdima udzam'peza panjira. Pumulani pakatha maola awiri alionse, ndipo pofika 4 koloko madzulo muzikhala mukufunsa za malo ogona.

Holide ikubwerayi, amene mwatsimikiza mtima chitani izi. Yalani mkeka, muikepo zonse zimene mukufuna kutenga, muzigawe milu itatu: zoteteza thupi, zokonzera njinga, ndi zina zonse. Mulu woyamba ndi wachiwiri musachotsepo kanthu. Wachitatu muudule pakati. Kenako mangani katunduyo, muyende naye ulendo waufupi, monga Zomba kupita ku Liwonde kapena Lilongwe kupita ku Dedza, mugone kumeneko usiku umodzi. Mudzamva ngati njinga ikugwedera, mudzaona chingwe chimene chikumasuka, mudzadziwa zimene simunazikhudze n'komwe. Zimenezo zitsale pakhomo. Ndipo mnzanu akabwera pa tsiku lonyamuka atavala patapata, helemeti ili pa chigongono, musamuseke ndipo musamujambule. Muuzeni kuti gulu silinyamuka mpaka amange lamba.